David Gulpilil, wovina wa ku Arnhem Land: dziko lake linamulipira chiyani?

Nachisale_Adelaide
Moni nonse abale. Ndili ndi nkhani yomwe yandivuta mumtima ndipo ndikufuna kumva maganizo anu. Kusukulu kwa ana anga kuno amaonetsa filimu yakale ya 1976 yotchedwa Storm Boy, ndipo m'menemo muli bambo wina Mwaborijini (mmodzi wa eni dziko oyambirira a Australia) wotchedwa David Gulpilil. Nditafufuza za iye ndapeza kuti anali wovina wamkulu wa mtundu wa Yolngu, anachita mafilimu zaka pafupifupi 50, boma linamupatsa ulemu wa Order of Australia mu 1987, ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, anapatsidwa mphotho mu 2014. Koma munthu yemweyu nthawi ina ankagona m'kanyumba ka malata kwawo ku Ramingining, nthawi ina ankagona panja mumzinda wa Darwin, ndipo anamwalira mu 2021 ku Murray Bridge, pafupi ndi kuno, kutali kwambiri ndi kwawo. Funso langa ndi lakuti, zimatheka bwanji dziko lolemera chonchi kunyadira munthu pa chinsalu koma osamupatsa ngakhale nyumba yooneka? Kapena pali zomwe sindikuziona?

Kamtedza
Ndi uja wa mu Crocodile Dundee eti? Wovala jinzi nkhope atapaka zoyera uja?

Phiri_wa_Perth
Yemweyo a Kamtedza, m'filimumo dzina lake linali Neville Bell. Ndipo filimu imeneyo ikuyankha mbali ya funso la achemwali. Inatuluka mu 1986, inapanga ndalama zoposa madola 300 miliyoni a ku America padziko lonse, koma iye mwini ankanena kuti anangolandira madola 10,000. Ndalama zomwe zinkabwera pambuyo pake iye analibe gawo.

WaKuJoni
Koma tisathamangire kulira. Mbali yake m'filimu imeneyo inali yaifupi. Amene walemba filimu ndi kuikapo ndalama zake ndiye amadya phindu, zili choncho kulikonse. Anasaina yekha pepala.

Phiri_wa_Perth
Anasaina inde, koma ndani anamuwerengera pepalalo? Munthu wokulira kuthengo, Chingerezi anachiphunzira atakula kale, atadziwa zilankhulo zingapo za kwawo. Mukamuika patebulo limodzi ndi maloya a kampani ya mafilimu simunganene kuti akukambirana ngati anthu ofanana.

MphunzitsiWaKuMchinji
Ndiloleni ndiyambe ndi kuvina, chifukwa ndikuona kuti tonse tathamangira ku mafilimu pomwe mwini wake anali wovina asanadziwe n'komwe kuti kamera ndi chiyani.

Gulpilil anabadwa cha m'ma 1953 ku Arnhem Land, kumpoto kwenikweni kwa Australia. Tsiku la 1 July lomwe limalembedwa ngati lobadwa anachita kumupatsa amishoni. Anakulira m'banja losaka nyama, kutsata mapazi, kupha nsomba ndi mkondo, ndipo kusukulu ya ku Maningrida anapitako atasinkhuka kale. Mu 1969 Mngerezi wina wopanga mafilimu, Nicolas Roeg, anafika ku Maningrida kufunafuna mnyamata woti achite nawo filimu ya Walkabout. Chomwe chinamukopa si Chingerezi, pakuti mnyamatayo sankachidziwa bwino. Anamuona akuvina. Anali ndi zaka 16.

Kwa a Yolngu gule wa mwambo amamutcha bunggul, ndipo sayenda yekha. Amayenda ndi nyimbo za fuko zotchedwa manikay, timitengo tiwiri togogoda totchedwa bilma, ndi chitoliro chachitali chija cha mtengo wobooledwa ndi chiswe, chomwe iwo amati yidaki ndipo dziko lonse limati didgeridoo. Nyimbo iliyonse ili ndi fuko lomwe ndi eni ake, ndiponso ili ndi malo ake enieni, kaya dambo, mtsinje kapena gombe. Wovina akamatsanzira mbalame kapena kangaroo sakuchita zoseketsa ana, akunena za malo a makolo ake ndi za amene ali ndi ufulu pamalopo. Ndiye mukamuona m'mafilimu momwe amayendera, momwe amaimira chilili osagwedezeka koma maso akulankhula, dziwani kuti zimenezo sanaziphunzire kusukulu ya zisudzo. Zinachokera kubwalo. Ku Darwin anapambana kanayi mpikisano wa zovina wa tsiku la Australia Day, ndipo ankatsogolera magulu a ovina ndi oimba a kwawo kupita nawo m'mizinda ndi kunja kwa dziko.

GogoWaKuNdirande
Aphunzitsi mwafotokoza bwino. Ine Walkabout ndinaionera. Pali pamene mnyamatayo amadzipaka dothi loyera ndi kuvinira mtsikana wachizungu uja kunja kwa nyumba yosiyidwa, kuyambira masana mpaka usiku, thukuta lili kamukamu, mtsikanayo atabisala m'kati chifukwa cha mantha. Sanamve chomwe gule uja ankanena. Kutacha anamupeza mnyamatayo atafa pamtengo. Ndinalira ndithu ana anga.

Kamtedza
Agogo mwatiululira mathero tisanaonere.

GogoWaKuNdirande
Filimu ya 1971 mwana wanga, nthawi yoonera munali nayo yokwanira.

Phiri_wa_Perth
Chofunika kudziwa ndi momwe zinthu zinalili iye asanabwere. Mpaka 1967 malamulo a dziko la Australia sankalola kuti Aaborijini awerengedwe pamodzi ndi anthu ena pa chiwerengero cha dziko. Chaka chimenecho kunachitika referendamu ndipo anthu oposa 90 pa 100 alionse anavomera kusintha. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ina momwe mzungu anamupaka zakuda kumaso kuti akhale Mwaborijini. Patangopita zaka zinayi, mnyamata wa ku Maningrida ali ku Cannes, ali ku London, akukumana ndi Mfumukazi Elizabeth. Ngakhale dzina lake m'filimu yoyambayo analilemba molakwika, anati Gumpilil. Komabe kuyambira pamenepo kunali kovuta kuti wina anene kuti palibe Mwaborijini wotha kuchita filimu.

NamwinoWaKuDarwin
Ine ndimagwira ntchito kuno ku Northern Territory ndipo odwala anga ambiri ndi a Yolngu ochokera m'midzi ngati Ramingining, Milingimbi ndi Galiwinku. Ndiyankhe funso la a Nachisale la nyumba, chifukwa lili ndi mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi yoti nyumba m'midzi imeneyo n'zosowa kwa aliyense. Malo ndi a mafuko pansi pa lamulo la 1976 la ufulu wa malo, ndipo nyumba zambiri ndi zaboma. Sugula puloti n'kumanga ngati ku Area 25. Umalembetsa n'kudikira. Nyumba ya zipinda zitatu kumakhala anthu khumi ndi kuposa, matiresi ali mbwee pakhonde. Ramingining ili makilomita oposa 500 kuchokera kuno, ndipo nthawi ya mvula msewu umatsekeka miyezi ingapo, katundu amabwera pa sitima yam'madzi ndi ndege, mitengo m'sitolo ndi yoopsa. Munthu wofuna mtendere nthawi zina amasankha kukhoma kamsasa kake ka malata pambali.

Mbali yachiwiri ndi ndalama. Kwa a Yolngu munthu aliyense ndi wachibale wa wina mwa njira yodziwika, ndipo pali abale omwe sungawakanize chinthu. Ndinasamalirapo bambo wina wojambula zithunzi pa makungwa. Tsiku lomwe ndalama za chithunzi chake zinalowa, foni inalira osaleka, achibale akubwera pabedi mmodzimmodzi, wina akufuna mafuta a galimoto, wina tikiti ya ndege yopita kumaliro. Pofika madzulo anandipempha ndimugulire tiyi. Sanadandaule ngakhale pang'ono, anati onsewo ndi ana ake. Ndiye ngakhale Gulpilil akanalandira kakhumi kuposa zomwe analandira, sindikhulupirira kuti zikanakhala kubanki. Zikanalowa m'mudzi monse.

WaKuJoni
Mwamva a Phiri? Si azungu okha olakwa.

NamwinoWaKuDarwin
Ayi achimwene, musandiike mawu m'kamwa. Sindinati kugawana ndi kulakwa. Ndati akanalipidwa bwino mudzi wonse ukanadya. Kumulipira pang'ono kunali kumana anthu ambiri, osati mmodzi.

Chipata_Kwathu
Izi za foni kulira tsiku la malipiro palibe pagulu pano amene sakuzidziwa. Ine ndili ku Leeds ndipo pa 28 paliponse mauthenga a WhatsApp amayamba m'mawa ndisanadzuke.

Kamtedza
A Namwino pepani ndipatuke pang'ono. Mlongo wanga ndi namwino ku Zomba, akufuna kubwera kumeneko. Amayambira pati?

NamwinoWaKuDarwin
Ayambe ndi kulembetsa ku AHPRA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo kuno, ndi mayeso a Chingerezi. Ndilembereni kumbali tisasokoneze nkhani ya eni.

BamboAChisomo
Ine chondidabwitsa ndi ng'ona. Crocodile Dundee tinkaonera m'nyumba za vidiyo ku Bangwe tikulipira makobili pakhomo, timaganiza kuti ng'ona zimenezo n'zopeka. Kodi n'zazikulu kuposa za mu Shire?

Phiri_wa_Perth
N'zazikulu. Za kumpoto kwa Australia ndi zam'madzi amchere, yaimuna imatha kupitirira mamita 5, ndipo zimalowa m'nyanja momwe. Ku Darwin anthu sasambira paliponse.

BamboAChisomo
Kwathu ku Chikwawa ya mamita 4 timati ndi chilombo kale.

MayiWaAnaAwiri
Pepani abambo, ng'ona tiziika pambali kaye. Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba ndipo palibe amene watchula chinthu chimodzi. Mu 2011 khoti la ku Darwin linamugamula Gulpilil kukhala kundende chaka chimodzi chifukwa chomenya mkazi wake ndi tsache mpaka kumuthyola mkono. Anali ataledzera. Izi si mphekesera, zinali m'khoti ndipo anavomera mlandu. Tikukamba za zomwe dziko linamulakwira, chabwino, koma nanga zomwe iye analakwira mayi ameneyo? Ine ndinakula ndikuona azakhali anga akubisa mabala ndi chitenje chifukwa mwamuna wawo anali woimba wotchuka m'dera lathu, aliyense ankamuombera m'manja paukwati ndi pamaliro. Munthu akakhala ndi luso timakhululuka m'malo mwa amene anamenyedwa, pomwe sanatitume.

Nachisale_Adelaide
Zikomo amayi potchula zimenezi. Ziyenera kukhala m'nkhani yake monga momwe mphotho zilili.

WaKuJoni
Apa ndiye ndikugwirizana ndi amayi. Mowa sanachite kumuthira m'kamwa.

Phiri_wa_Perth
Palibe akuikira kumbuyo kumenya mkazi. Koma za mowa tinene zonse. Iye mwini ankanena poyera kuti mowa ndi fodya wamkulu anazidziwira ku ntchito ya mafilimu, ali mnyamata, atazunguliridwa ndi akuluakulu omwe ankamwa usana ndi usiku. Mu 1976 anachita Mad Dog Morgan ndi Dennis Hopper, yemwe kumwa kwake nthawi imeneyo kunkadziwika dziko lonse. Filimu ikatha azunguwo ankabwerera ku nyumba zawo, iye n'kubwerera kumudzi komwe mowa ndi woletsedwa, ali ndi chilakolako chomwe sanachoke nacho. Ndiye amathera ku Darwin, kugona m'maudzu m'mbali mwa mzinda pamodzi ndi anzake omwa.

MayiWaAnaAwiri
Ndamva komwe mowa unachokera. Koma amuna ambiri anamwa mowa womwewo osathyola mkono wa munthu.

NamwinoWaKuDarwin
Nonse awiri mukunena zoona ndipo ine ndimaziona zonse pa wodi imodzi. Amayi Achiaborijini amagonekedwa m'chipatala chifukwa cha nkhanza za m'banja kochuluka kwambiri kuposa amayi ena m'dziko muno, ndipo amene amalankhula mwamphamvu pa nkhaniyi ndi amayi Achiaborijini eni ake. Iwo safuna kuti nkhanza zibisidwe m'dzina loteteza mtundu. Komanso safuna kuti boma ligwiritse ntchito mabala awo ngati chifukwa cholanda ufulu wa mudzi wonse, monga zinachitikira mu 2007 pomwe boma la John Howard linatumiza asilikali ndi apolisi m'midzi ya kuno, n'kuyamba kusunga theka la ndalama za chithandizo za anthu pa khadi logulira zinthu zosankhidwa, kaya munthuyo amamwa kapena samwa.

MphunzitsiWaKuMchinji
Chomwe chinachitika ali m'ndende n'chofunika pa nkhani yathu. Rolf de Heer, yemwe anapanga naye The Tracker mu 2002, anapita kukamuona kundende ku Darwin. Anamupeza atafooka, wopanda chiyembekezo, ndipo chomwe anapempha ndi kuti apangenso filimu limodzi. Anakhala pansi awiriwo n'kulemba Charlie's Country, yomwe inatuluka mu 2013. Ndi nkhani ya bambo wachikulire m'mudzi wa ku Arnhem Land nthawi ya malamulo a 2007 omwe a Namwino atchulawa. Apolisi amulanda mfuti yosakira, asema mkondo, amulandanso mkondowo ati ndi chida choopsa. Athawira kuthengo kukakhala monga makolo, mvula imudwalitsa, apita naye kuchipatala ku Darwin, agwa m'mowa, amangidwa. Pali pamene amamumeta tsitsi ndi ndevu m'ndende, kamera ili pankhope pake osachoka, iye osanena kanthu. Mphotho ya ku Cannes ya 2014 anaipeza ndi filimu imeneyi.

Koma ine chomwe chimandigwira ndi mathero ake. Kuyambira koyambirira akuluakulu a mudzi amamupempha Charlie kuti aphunzitse anyamata kuvina, iye amakana. Atatuluka m'ndende avomera, ndipo filimu ithera pamoto, iye akuwongolera mapazi a ana. Gulpilil ndi de Heer akanatha kuthetsa nkhani ndi china chilichonse. Anasankha kuphunzitsa, ndipo ndikhulupirira kuti Gulpilil ankadziwa kuti pa ntchito zake zonse imeneyi ndi yomwe anthu a kwawo angamuyeze nayo.

MayiWaAnaAwiri
Kodi m'filimumo Charlie amamenya mkazi?

MphunzitsiWaKuMchinji
Ayi amayi. Amamangidwa chifukwa chogulira mowa anthu oletsedwa ndi kuphwanya galasi la galimoto ya apolisi.

MayiWaAnaAwiri
Ndiye mwaona. Pomwe anafotokoza moyo wake, mbali imeneyo anaisiya.

MphunzitsiWaKuMchinji
Pamenepo sindingakutsutseni.

Chipata_Kwathu
Aphunzitsi mukuti anali mphunzitsi. Anaphunzitsa kusukulu iti? Ine ndikuona ngati tikumukometsera.

MphunzitsiWaKuMchinji
Sanali wa choko ndi bolodi. Ankaphunzitsa monga namkungwi amaphunzitsira, pabwalo ndi pamwambo, ndiponso ankaphunzitsa anthu akunja za dziko lake. Analemba nthano za a Yolngu m'mabuku a ana. Mu 2004 anaima yekha pa siteji ku Adelaide Festival kufotokoza moyo wake. Koma chitsanzo chachikulu ndi Ten Canoes ya 2006.

Iye ndi amene anamuonetsa de Heer chithunzi chakale chomwe wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Donald Thomson, anajambula m'zaka za m'ma 1930, cha amuna khumi ataimirira m'mabwato a makungwa m'dambo lalikulu la Arafura, akupita kukatola mazira a atsekwe am'tchire. Anati apange filimu kwawo, ndi anthu a kwawo, m'chilankhulo chawo. Vuto linali lakuti mabwato a mtundu umenewo anali atasiya kupangidwa kwa zaka zambiri. Anthu a ku Ramingining anakhala pansi ndi zithunzi za Thomson pamodzi ndi okalamba ochepa omwe ankakumbukira, n'kuyambiranso: kusenda khungwa lonse la mtengo osaling'amba, kuliviika m'madzi, kuliwamba pamoto kuti lifewe, kusoka kutsogolo kwake kuti kusongoke kuzitha kudula udzu wa m'dambo. Anyamata anaona ndi maso ntchito yomwe azigogo awo ankangoisimba. Ochita filimuyo anali anthu a m'mudzi omwe sanaimepo pa kamera, ambiri akuloza anthu a m'zithunzizo kuti uyu ndi agogo anga. Mwana wake Jamie ndi amene anatenga mbali ya mnyamata, Peter Djigirr wa komweko anathandizana ndi de Heer kutsogolera, ndipo Gulpilil ndi mawu omwe amasimba nthanoyo, akuseka, akukuuza kuti udekhe nkhani ikula pang'onopang'ono. Inali filimu yaikulu yoyamba momwe ochita ake onse akulankhula zilankhulo za Aaborijini, ndipo inalandira mphotho ku Cannes chaka chomwecho. Ngati kumeneko si kuphunzitsa, a Chipata, ndiuzeni dzina lake.

Chipata_Kwathu
Za mabwatozo zandigwira mtima. Komabe ndili ndi funso lina. Ife a ku Chipata ndi ku Katete timakangana chaka ndi chaka za Gule Wamkulu, makamaka chiyambire UNESCO kumulemekeza mu 2005, kuti kodi n'koyenera kumuvinitsa pamisonkhano ndi pamaso pa alendo olipira. Iyeyu potenga magule a fuko kupita nawo pa kamera, akuluakulu a kwawo sanadandaule kuti akugulitsa za kudambwe?

NamwinoWaKuDarwin
A Yolngu amasiyanitsa bwino za kunja ndi za m'kati. Pali nyimbo, magule ndi zojambula zomwe aliyense angaone, ndipo pali zomwe ndi za olowa mwambo okha, zina za amuna, zina za amayi. Za kunja amazionetsa mwadala, chifukwa kwa iwo kuvina pamaso pa boma ndi njira yonenera kuti malo ano ali ndi eni. Mu 1963 a Yolngu a ku Yirrkala anatumiza madandaulo awo a malo ku nyumba ya malamulo ku Canberra atamata pa makungwa ojambulidwa zizindikiro za mafuko awo. Lero kuli chikondwerero cha Garma ku Gulkula chaka chilichonse, nduna zaboma zimapita, ndipo madzulo aliwonse mafuko amavina bunggul pamchenga. Koma amene amasankha choti chionetsedwe ndi eni nyimbo, osati woitana.

Chipata_Kwathu
Mfundo yanga ili pomwepo. Osankha akhale eni, osati wolipira.

WaKuJoni
Koma wolipira akakhala ndi ndalama ndipo iwe uli ndi njala, kusankha kwako kumachepa.

Phiri_wa_Perth
A WaKuJoni, mwafika pomwe ndinayambira ine pa nkhani ya pepala losaina lija.

GogoWaKuNdirande
Ine ndifunse za Rabbit-Proof Fence, mdzukulu wanga anandionetsa. Bamboyu anali kumbali ya boma m'menemo, akusaka tiana tija. Zinandiwawa kumuona akuchita zimenezo.

Phiri_wa_Perth
Agogo muioneretu kachiwiri, muziyang'ana nkhope yake. Nkhaniyo ndi yoona. Mu 1931 atsikana atatu, Molly, Daisy ndi Gracie, analandidwa kwa amayi awo ku Jigalong n'kupititsidwa ku Moore River, kumpoto kwa Perth kuno, chifukwa boma linkachotsa ana obadwa kwa Mwaborijini ndi mzungu kuti akuleredwe chizungu. Anathawa n'kuyenda wapansi makilomita oposa 1,500 kutsata mpanda wa waya wotchingira akalulu. Gulpilil ndi Moodoo, wotsata mapazi wotumidwa kukawagwira, koma m'filimumo mwana wake yemwe ali m'manja mwa boma pamalo omwewo, ndiye sangakane ntchito. Amalankhula mawu owerengeka chabe filimu yonse. Pali pamene amaona kuti Molly wamupusitsa pobisa mapazi, ndipo pakamwa pake pamangooneka kakumwetulira kochepa. Pomwepo umadziwa kuti mtima wake uli ndi ana. Boma linadzapepesa chifukwa cha ana olandidwawa pa 13 February 2008, Kevin Rudd ali nduna yaikulu.

GogoWaKuNdirande
Zikomo mwana wanga. Ndimuuza mdzukulu aibweretsenso.

Nachisale_Adelaide
Ndibwerere kumapeto a moyo wake chifukwa ndi kufupi ndi kuno. Mu 2017 anamupeza ndi khansa ya m'mapapo, madokotala n'kunena kuti watsala ndi miyezi yochepa. Anakhala zaka zinayi. Anakhazikika ku Murray Bridge kuti akhale pafupi ndi chithandizo, akusamalidwa ndi mayi wina wachizungu, ndipo analibenso mphamvu zoyenda ulendo wa kwawo. Nthawi imeneyo Molly Reynolds anajambula naye My Name is Gulpilil, momwe amafotokoza yekha moyo wake, chubu cha mpweya chili m'mphuno, akuyenda pang'onopang'ono kupita pa bokosi la makalata pageti ndi kubwerera. Munthu yemwe thupi lake linali chuma chake chonse. Anakhalapo pa kuonetsedwa koyamba kwa filimuyo kuno ku Adelaide mu March 2021, n'kumwalira pa 29 November chaka chomwecho ali ndi zaka 68. Chomwe sindikumvetsa n'chakuti nyuzi za masiku amenewo zinkamutcha David Dalaithngu. Linachokera kuti dzina limeneli?

NamwinoWaKuDarwin
Ndi mwambo wa maliro. Munthu akamwalira dzina lake silitchulidwa kwa nthawi, ndipo ngakhale amoyo omwe ali ndi dzina lofanana nalo amayamba kuitanidwa mwina. Kuchipatala timaphunzitsidwa zimenezi tisanayambe ntchito, kuti polankhula ndi abale usatchule dzina la malemu. N'chifukwa chake pa TV kuno amayamba ndi chenjezo kwa Aaborijini kuti pulogalamu ili ndi zithunzi ndi mawu a anthu omwe anamwalira. Banja lake linapempha kuti atchedwe Dalaithngu, ndipo manyuzipepala ndi wailesi anatsatira. Patapita masiku ochepa abale analola kuti dzina la Gulpilil ligwirenso ntchito, chifukwa iye mwini anafuna kuti dzina ndi mafilimu ake zipitirire kuoneka. Thupi lake linapita kwawo ku Arnhem Land, ndipo mwambo wonse unatenga miyezi chifukwa mafuko oyenera kuimba ndi kuvina amayenera kusonkhana, komanso msewu wa kumudzi kwawo sudutsika nthawi ya mvula.

BamboAChisomo
Nanga pano alipo omwe akupitiriza? Kapena zinathera pa iye?

Phiri_wa_Perth
Alipo ambiri. Kuli sukulu ya zovina ya NAISDA yomwe inayamba mu 1976, ndipo m'menemo munatuluka gulu la Bangarra Dance Theatre mu 1989. Stephen Page analitsogolera zaka zoposa 30, pano akutsogolera ndi mayi, Frances Rings. Iwo amasakaniza magule a makolo ndi kavinidwe kamakono, ndipo akafuna kugwiritsa ntchito gule wa fuko linalake amapita kukapempha kwa eni ake n'kubwera ndi munthu wa komweko kudzawaphunzitsa. Ndinawaonerapo kuno ku Perth, holo inadzaza. Kumbali ya mafilimu kuli Aaborijini omwe tsopano akugwira kamera okha, monga Warwick Thornton ndi Rachel Perkins. Pa nkhani ya malipiro ija, kusintha kwenikweni ndi kumeneku, chifukwa wolemba ndi wotsogolera ndi amene amakhala mwini filimu.

MayiWaAnaAwiri
Ndasangalala kumva kuti gululo likutsogoleredwa ndi mayi. Mafilimu ake ndiwaonera, luso lake sindikulikana. Koma ana anga akadzandifunsa za iye ndidzawauza za 2011 pamodzi ndi za Cannes.

WaKuJoni
Ine pa za malipiro ndikadali pomwe ndinali. Koma za mabwato a makungwa zija ndazikonda, ndikufuna ndione.

MphunzitsiWaKuMchinji
Ndikuganiza zoonetsa Ten Canoes kwa ana a kalabu yanga ya zachikhalidwe, a Fomu 3 ndi 4. Amene munaionera yonse, kodi ana angatsatire popanda kumva chilankhulocho?

NamwinoWaKuDarwin
Angatsatire aphunzitsi. Pezani yomwe Gulpilil akusimba m'Chingerezi, zolankhula za ochita zimalembedwa pansi, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. Koma muyambe mwaionera nokha kunyumba, chifukwa anthu ake amaoneka monga makolo awo ankakhalira, osavala, amuna ndi amayi omwe, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo muli nthabwala zina za akuluakulu. Mukambirane kaye ndi ahedi ndi komiti ya makolo. Akakana, Rabbit-Proof Fence ilibe vuto limenelo ndipo m'masukulu a kuno amaionetsa kwa ana a msinkhu womwewo.